Abiti Chande ndi Mudzi wa Kwa Alendo

Abiti Chande anatisiya mvula isanagwe, ndipo dzulo tinasonkhana ku Nkope pa sadaka yawo ya arubaini, ija Asilamu amachita pakapita masiku makumi anayi chimwalirireni munthu. Mpunga unali mbwee, mbuzi zinagwa zingapo, pabwalo panakhomedwa mahema oyera ngati a ukwati. Zonsezo anatumiza ndi Twaibu, mwana wa mng'ono wawo wa malemuwo, amene masiku ano ndi bwana ku Lilongwe. Ashehe atamaliza pemphero la dua, Twaibu anaimirira, nakonza kofiya yake pamutu, n'kuyamba kulankhula. Anati amayi ake anali mayi wa boma lonse la Mangochi. Anati bungwe lothandiza anthu limene anayambitsa lidakalipo chifukwa analisiya m'manja abwino. Kenaka ananena mawu amene anandichititsa kuika mbale pansi. Anati chimene chimamutonthoza n'chakuti amayi ake anapuma pantchito mwaulemu, atatsanzikidwa ndi nyimbo ndi mphatso.

Achinyamata anagwedeza mitu kuvomereza. Ife akuluakulu tinayang'ana pansi. Nyimbo akunenayo anaphunzitsa ana ndine, ndipo ndikudziwa zimene zinkachitika pamene tinkaiimba.

Amene anawadziwa Abiti Chande atakalamba amakumbuka mayi wowonda, wosalankhulalankhula, wokhala pamkeka pakhonde akusankha mpunga. Amakumbukanso chinthu china chodabwitsa: dzina la Twaibu silinkatuluka pakamwa pawo. Wina akawauza kuti mwana wanu wamveka pa wailesi, iwo ankafunsa kuti usipa wagwa bwanji kudoko. Koma ine ndinawadziwa ali ndi mphamvu zawo, nthawi imene akaitana munthu kugombe mawu ankamveka mpaka kumsewu.

Ndinabwera ku Nkope kuchokera ku Ntcheu ndili mphunzitsi wapulaimale, Mkhristu pakati pa Asilamu, Chiyao osadziwa ngakhale moni. Tsiku lina titangoweruka ndinaona mayi wamtali, atafunda mpango wakuda, nsapato zili m'manja, akusuzumira m'kalasi mwanga. Nsapatozo ndiye linali khalidwe lawo. Ankazivala akafika pakhomo pa ofesi, akatuluka n'kuzivulanso, ati zimawachedwetsa.

"Aphunzitsi, chipinda ichi masana mumagona ndani?"

"Palibe, amayi. Timatseka."

"Nanga choko chimasiya kulemba dzuwa likapendeka?"

Ndinaseka. Iwo sanaseke.

"Ndili ndi ana kudoko uko. Mawa ndibwera nawo."

Ndinayamba kufotokoza za malamulo, za ahedi, za ana osalembedwa m'kaundula. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, n'kundiuza kuti kwa ahedi adutsako kale, ndipo poti ana ena samva Chichewa ndiyambe ndi masamu, chifukwa masamu alibe mtundu. M'mawa mwake anabwera nawodi, ana otuwa, a maso aakulu, ena atavala masaka oboola pakhosi. Ndinawaphunzitsa masana aliwonse mpaka nkhondo inatha, ndipo mpaka lero sindikumbuka kuti ndinavomera liti.

Anawo anali a anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique. Ambiri mwa anthuwo ankasungidwa m'misasa kufupi ndi malire, koma ena ankatsika mapiri a ku Namwera, kuwoloka Shire, n'kumatsata msewu wa kunyanja pofuna ganyu. Abiti Chande nthawi imeneyo anali mayi wa geni ya nsomba, wodziwika kuyambira ku Chembe mpaka ku Limbe, kumene ankapita atakhala pamwamba pa madengu m'lole. M'mawa wina anapeza amayi ndi ana akutola usipa wogwa pansi pa mathandala awo oyanikapo nsomba, n'kumaudya wosaphika, ndi mchenga womwe. Antchito awo anatola ndodo kuti awathamangitse. Iwo anatuma munthu kukatenga mphika.

Mphika umodzi sunapite patali. Anayamba kuyenda doko ndi doko kwa eni chilimira, khoka lalikulu la usipa ndi utaka lija, kuwauza kuti bwato lililonse likakocheza lizisiya ndowa ya nsomba. Wokana sankakangana naye. Ankangokhala pamchenga pafupi ndi bwato lake, n'kumacheza ndi ogula nkhani zina, mpaka munthuyo manyazi amugwire. Ankati nyanja sinalimidwe ndi munthu, choncho wokolola m'menemo asamaumire ngati anagwira khasu. Bungwe linabadwa choncho. Amalonda a pa boma anayamba kuponyamo kangachepe, mizikiti ndi matchalitchi n'kumasonkha chimanga, kenaka azungu anamva mbiri n'kubwera ndi magalimoto awo. Panakhala komiti, ofesi pa boma, chidindo. Zitsime zinakumbidwa, amasiye anapatsidwa mabwato, odwala ankanyamulidwa kupita kuchipatala. Wapampando anali Abiti Chande, ndipo panalibe amene analota zopikisana nawo.

Mawu oti "othawa" sankawafuna. Ukawatchula pamaso pawo ankakufunsa ngati agogo ako anamera pano ngati mlambe. Anthuwo anali alendo, basi, ndipo mudzi umene anawapezera pakati pa Nkope ndi Nkhudzi unangotchedwa Kwa Alendo. Malowo anali a mbumba yawo, gombe la mchenga woyera ndi dambo la mpunga kumtunda kwake. Alongo awo anakwiya kwambiri. Mmodzi anafika powauza kuti akusinthanitsa dothi la makolo ndi kutamandidwa. Poopa kuti iwo akadzafa alongowo adzathamangitsa alendo, Abiti Chande anayenda kwa amfumu ndi m'maofesi mpaka malowo analembedwa m'dzina la bungwe. Nzeru imeneyo ankainyadira. Ankati munthu mmodzi amafa, amasintha, amakopeka, koma bungwe ndi anthu ambiri, sangapenge onse tsiku limodzi.

Ndi azungu anakangana chaka chimene mvula inakana. Ufa, nyemba ndi mafuta zinkabwera za alendo okha, eni mudzi akugona ndi njala. Anthu anayamba kung'ung'udza kuti kodi kuti tidye tiyambe tawotcha nyumba zathu? Nyumba ina ya Kwa Alendo inagendedwa. Abiti Chande analamula kuti phala la ana liziphikidwa mumphika umodzi, ndipo mwana aliyense wobwera ndi mbale adye. Mzungu woyang'anira anabwera ndi womasulira kudzanena kuti lamulo silikutero. Iwo anamukhazika pamkeka, monga ankachitira ndi aliyense wobweretsa thandizo, ati wopatsa asatalike kuposa wolandira. Kenaka anaitana ana onse kuti afole, n'kumupatsa mzunguyo chipande.

"Muuzeni agawe yekha. Amene akuona kuti si wake amudumphe."

Mzunguyo anagawa mpaka mphika unauma, osadumpha ndi mmodzi yemwe. Nkhaniyo sinabwerenso.

Ndi Ashehe anakangana za manda. Alendo ena anali Asilamu, ena Akhristu, ndipo chikuku chitalowa Kwa Alendo ana anafa ambiri. Luiza, mayi wachitsikana amene mwamuna wake anaphedwa kwawoko, anataya ana ake onse awiri sabata imodzi. Manda a mumudzi anali a Asilamu okha, a mpingo anali kutali. Abiti Chande anadula ngodya ya malo aja, pansi pa mitengo ya masawu, nati onse azigona pamenepo. Ashehe anati zimenezo sizichitika. Iwo anayankha kuti ana amene amwera chitsime chimodzi ndi kufa matenda amodzi, iwo alibe mtima wowalekanitsa. Wofuna akumbe mbali yake, koma mpanda ukhale umodzi. Anakhala miyezi osalonjerana ndi Ashehe, koma mpanda unakhaladi umodzi.

Sindikufuna kuwapaka mafuta. Anali ovuta. Ankakalipira munthu pagulu, madzulo n'kumutumizira chambo, koma mawu opepesa ayi. Pa misonkhano ya komiti ankafunsa maganizo a anthu atagamula kale. Ine tsiku lina anandipeza ndikukwapula mwana wochedwa, n'kundiuza pamaso pa kalasi yonse kuti anawa anthu a ndodo anawasiya kwawo, sanabwere kudzafuna ena. Ndodoyo ndinaithyola, koma ndinatha mwezi ndikuwazemba. A m'komiti ambiri anali ndi zilonda zotere, ndipo ndikhulupirira kuti Twaibu ankadziwa pamene panali chilonda cha aliyense.

Twaibu mayi ake anamwalira iye akuyamwa. Abiti Chande, amene sanaberekepo, anamutenga, ndipo kwa Ayao mwana wa mng'ono wako ndi mwana wako, palibe zofotokoza. Usipa ndi umene unamuphunzitsa mpaka ku koleji. Azungu atayamba kufuna malipoti a Chingerezi, iwo anamuitana ku Blantyre kumene ankagwira ntchito kuti adzakhale mlembi wa bungwe. Anali munthu wanzeru, wofatsa, wogwada polankhula ndi amayi ake ngakhale pamaso pa mabwana. Iwo ankamutchula kuti maso anga. Ine anali mnzanga, tinkasewera bawo limodzi Loweruka.

Mtendere utabwera ku Mozambique, mabasi anayamba kunyamula anthu kubwerera kwawo. Kwa Alendo ambiri anapita akuimba. Koma ena anatsala: okwatirana ndi eni dziko, nkhalamba zosatha kuyambanso moyo, amene anamva kuti minda yawo yadzaza mabomba okwirira, ndi ena onga Luiza.

"Ndikapita, ana anga atsala ndi ndani?" ankafunsa choncho aliyense womukakamiza.

Azungu nawo anayamba kulongedza. Ndinamva pambuyo pake kwa mmodzi wa a komiti kuti nthawi imeneyo Twaibu anabweretsa nkhani pa msonkhano. Mkulu wina wa ku Blantyre ankafuna gombe lija kuti amangepo malo ogona alendo okaona nyanja, ndipo zimene akanapereka zikanasunga bungwe zaka zambiri. Abiti Chande anamudula asanamalize.

"Pamalopo pali anthu."

"Ndamva, amayi," anatero Twaibu ataweramitsa mutu, ndipo sanaitchulenso.

Patapita miyezi, a komiti anayamba kuwadera nkhawa. Amayi mwatopa. Amayi mawondo akukuvutani, maso achita chifunga. Mwagwira ntchito yokwana anthu khumi, pumulani tikadakuonani, mudzatilangiza muli pakhonde. Ankabwera mmodzimmodzi, aliyense ndi mawu ake okoma. Mawondowo ankawawadi. Anakana, anakananso, kenaka anavomera, poti wolowa m'malo anali mwana wawo. Chidindo anachipereka m'manja mwa Twaibu mu ofesi, ndipo tsiku la phwando lowatsanzika linaikidwa sabata yotsatira, mu holo ya pa boma.

Twaibu anabwera yekha kunyumba kwanga.

"Aphunzitsi, amayi mumawadziwa. Zolankhula za mabwana siziwakhudza. Chimene chingawafike pamtima ndi anthu awo. Ndikufuna a Kwa Alendo abwere onse, ana, amayi, nkhalamba zomwe. Pasatsale munthu. Malole nditumiza ine. Inu mukonze nyimbo."

Ndinamugwira chanza ndi manja awiri. Ndinaganiza kuti mwana woleredwa bwino ndi ameneyu.

Kwa Alendo kunali chipwirikiti sabata imeneyo. Amayi analuka mphasa ya mawanga, nkhalamba ina inasema mpini wa ndodo yoyendera, ena anasonkha mpunga wa m'dambo lija. Ana ankabwera kudzayeserera nyimbo asanadye n'komwe. Tsikulo malole anafika m'mamawa, anthu n'kukwera atavala zimene ankasungira mapemphero, akuseka, akukwezana. Anatsala Luiza yekha, amene malungo anamugwetsa dzulo lake.

Holo inadzaza. Abiti Chande anakhala kutsogolo pakati pa mabwana, nsapato zili kumapazi, akuoneka ngati munthu wodikira jakisoni. Analankhula a ku boma, analankhula amalonda, analankhula mzungu. Mphatso zinaunjikana patebulo: wotchi ya pakhoma, chikalata cha m'galasi, nsalu, ndipo pambali panaikidwa mpando wandalema woti azipumirapo. Iwo ankangoti sikomo, sikomo, nkhope ili gwa. Koma ana anga ataimirira n'kuyamba kuimba, vesi ina m'Chichewa, ina m'Chiyao, ina m'Chipwitikizi, ndinaona chimene ndinali ndisanaonepo. Abiti Chande anakokera mpango kumaso, mapewa akugwedezeka. Alendo anabwera mmodzimmodzi kudzagwada ndi mphatso zawo, iwo akutchula aliyense dzina.

Itafika nthawi yawo sanalankhule zambiri. Anati iwo sukulu sanapite, ntchito anangoiphunzira kwa njala. Anathokoza asodzi a ndowa zoyamba zija. Kenaka analoza alendo ndi dzanja lonse.

"Twaibu, awa ndi abale ako. Ndakusiyira."

Twaibu anagwada, holo yonse n'kuwomba m'manja. Nthungululu zinamveka mpaka kumsika.

Tinali pakati pa kudya pamene pakhomo panabuka phokoso. Alonda ankakankha munthu, munthuyo akukankhanso. Anali Luiza, wopanda mpango, thukuta lili chuchuchu, mapazi otuwa. Anakwera lole ya nsomba kuchokera ku Nkope. M'manja anagwira kamtanda kamatabwa, dothi lidakali kutsinde kwake.

"Amayi! Amayi, akugwetsa nyumba! Thalakitala yafika mpaka kumanda!"

Masipuni anasiya kulira. Abiti Chande anatenga kamtandako, anakayang'ana, n'kutembenuka pang'onopang'ono.

"Twaibu."

"Amayi, tikakambirana kunyumba. Pano pali akuluakulu."

"Malole amene abweretsa anthuwa abwerera nawo kuti?"

Twaibu anapukuta pakamwa ndi kansalu. Mawu ake anatuluka ofatsa monga mwa masiku onse.

"Kumalire, amayi. Katundu wawo watoleredwa bwinobwino, akamupeza kumeneko. Nkhondo inatha, nthawi yawo inakwana kale. Komiti inagwirizana."

Iwo anayang'ana tebulo lonse, munthu ndi munthu. Panali amene anayamba nawo ndi ndowa zija. Panali amene iwo anamuikira mkazi wake m'manda. Aliyense anali ndi chochita m'mbale mwake.

"Nonse?"

Anabweza maso kwa Twaibu.

"Ndiye mwachotsa alendo kuti mumange nyumba yogona alendo."

"Bungwe likanafa, amayi," anatero Twaibu. "Azungu akupita. Zitsime akonza ndani? Amasiye aja adya chiyani? Inu simumafuna kumva."

"Likanafa tikanalisambitsa, n'kuliika m'manda ngati munthu. Imfa si manyazi."

Anawerama, navula nsapato, n'kuziika patebulo pakati pa wotchi ndi chikalata. Anatuluka atagwira Luiza dzanja, ndipo alendo onse anawatsata, ana akulira osadziwa chimene akulirira.

Panja tinapeza apolisi ataima kale pafupi ndi malole. Abiti Chande anayenda dalaivala ndi dalaivala, kuwauza kuti galimoto ipite ku Nkope. Ankawadziwa onse, ena ndi abambo awo omwe. Madalaivalawo ankangoyang'ana apolisi. Mmodzi yekha, wachikulire amene ankawanyamulira nsomba kale, anatsegula chitseko. Amene anali pafupi analumphiramo, ine ndinakoka ana amene manja anga anawafikira, lole n'kunyamuka apolisi akukuwa. Ndikatseka maso ndimawaonabe otsalawo akukwezedwa m'malole enawo, atavala zovala zawo za phwando, nkhalamba ija idakagwira ndodo imene inasema, poti mpata woipereka sunapezeke. Ana ambiri amene anaimba tsiku limenelo sindinawaonenso.

Utsi tinauona tisanapatuke pamsewu. Nyumba zonse zinali pansi, udzu wa madenga ukuyaka m'milu, anthu aganyu akuzika mitengo ya waya. Katundu anali atapita kale. Thalakitala inali itaima m'mphepete mwa manda, itagwetsa mpanda ndi kupalasa mzere woyamba. Woyendetsa ataona zimene wachita anachita mantha n'kuzimitsa, ndipo kapitawo wake ankamukalipira kuti apitirize. Abiti Chande anadutsa pakati pawo, nakhala pansi patsogolo pa chitsulo cha thalakitalayo, miyendo atatambasula.

Anakhala pamenepo tsiku limenelo ndi lotsatira lake, dzuwa likuswa mtengo, akumwa madzi okha. Kapitawo anaopseza, ananyengerera, anatuma anthu kukaitana Twaibu, koma Twaibu sanabwere. Amene anabwera ndi Ashehe, omwe aja anakana manda osakaniza, atatsogolera amuna a kumzikiti. Anayala mikeka yawo pambali pa Abiti Chande n'kuswali mapemphero awo pomwepo. A mpingo atamva anabweranso. Asodzi anasiya makoka. Mkulu wa ku Blantyre ataona kuti zifika poipa anatumiza mawu akuti waya ukhote, manda atsale kunja. Pa mudzi wonse wa Kwa Alendo, chimene Abiti Chande anapulumutsa ndi akufa okha.

Anayenda m'maofesi miyezi yambiri pambuyo pake, mawondo otupa, opanda galimoto, opanda womasulira kupatula ine ndikapeza mpata. Paliponse ankawalandira mwaulemu, kuwapatsa mpando, kuwakumbutsa za phwando lokongola lija. Yankho linali limodzi: malowo ndi a bungwe, ndipo bungwe lagulitsa kudzera mwa wapampando wake. Alongo awo, amene anali ndi ufulu wonse woseka, sanaseke. Tsiku lina tikubwerera pa matola anandiuza mawu amene sanawabwerezenso.

"Aphunzitsi, malo si amene akundipweteka. Akanabwera poyera ndi apolisi, anthu aja akanaima pakhomo pa nyumba zawo, ine ndikanaima nawo, mwina tikanagonja. Koma anaona kuti anthuwo amandikonda, n'kutenga chikondicho kuika pambedza ngati nyambo. Ine ndi amene ndinawatulutsa m'nyumba zawo. Ndinkalira ndi chimwemwe nyumba zikuyaka."

Nyambo ina ndinali ine.

Alendo ochepa amene anabwerera nafe anawasunga pakhomo pawo mpaka aliyense anapeza kolowera. Luiza sanachoke. Ndiye ankawaphikira, kuwatungira madzi, ndipo pomaliza kuwatembenuza pamphasa. Wotchi, chikalata ndi mpando wandalema zinatumizidwa kunyumba kwawo pa galimoto ya bungwe, iwo n'kuuza dalaivala kuti wasochera. Pa Ramadhani iliyonse Twaibu ankatumiza matumba a mpunga ndi shuga, ndipo matumbawo ankagona pamsewu mpaka odutsa atatenga. Kamodzi anabwera yekha. Anagwada pakhonde masana onse, akulankhula za zitsime zatsopano, za sukulu ya mkaka imene bungwe lamanga, za kukhululukirana kumene Mulungu amafuna. Iwo anapitiriza kusankha mpunga. Dzuwa litapendeka anaitana Luiza.

"Mpatseni madzi munthuyo, wachokera kutali."

Zitsime zimene ankanenazo zilipodi, sindingabise. China chili pafupi ndi nyumba yanga, ndipo ndimamwa madzi ake. Mwina bungwe likanafadi. Koma kuyambira tsiku lija palibe bwato limene linasiyanso ndowa pagombe. Asodzi amati thandizo tsopano ndi la a m'maofesi, iwo sizikuwakhudza.

Ntchito yomaliza imene Abiti Chande anadzipatsa inali kusesa manda aja. Lachinayi lililonse ankayenda pang'onopang'ono ndi Luiza, tsache m'manja. Ashehe anawakumbutsa kuti mkazi wachisilamu sayendayenda kumanda. Iwo anati apeze mwamuna woti azisesa, tsache amupatsa lero lomwe. Mwamunayo sanapezeke. Anasesa mpaka miyendo inakana.

Dzulo anthu akubalalika ndinamupeza Luiza kuseri kwa nyumba akutsuka miphika ya sadaka. Ndinamufunsa kuti tsopano atani. Anati sakudziwa. Nyumba ndi ya mbumba, ndipo mkulu wa mbumba tsopano ndi Twaibu, amene wamuuza mofatsa kuti asade nkhawa, adzakambirana. Mawu amenewo atawanena anandiyang'ana, ine n'kumuyang'ananso.

Lero m'mawa ndinapalasa njinga kupita Kwa Alendo. Malo ogona alendo aja sanamangidwe. Mkulu wa ku Blantyre zinthu zinamuvuta makoma atafika m'mawindo, ndipo aima choncho mpaka lero, njerwa zikugumuka, abuluzi akuwothera dzuwa pamwamba pake. Waya anachita dzimbiri koma adakaima, geti ndi lomanga ndi unyolo, mlonda anachoka kalekale. Kunja kwa waya, manda ayamba kumera udzu ndi mvula yoyambayi. M'kati, ukayang'anitsitsa pakati pa zitsamba, umaona mafuwa akuda atatuatatu ali m'mizere, kusonyeza pamene panali khomo la aliyense. Mango amene alendo anabzala kuseri kwa nyumba zawo, amene anali timitengo tofika m'chiuno pamene eni ake ankachotsedwa, tsopano ndi mitengo ikuluikulu, ndipo chaka chino yabereka mpaka nthambi kugunda pansi. Ndinaima pagetipo nthawi yaitali. Mphepo ikawomba kuchokera kunyanja umangomva phu, phu, mango akugwa okha pamchenga, n'kumawolera pomwepo.